Luisa Analira Maliro a Munthu Wamoyo

Kwa Mbenje, m'mphepete mwa dambo, kuli mayi wowamba nsomba dzina lake Luisa. Makolo ake anaoloka Shire pothawa nkhondo ya ku Mozambiki iye akadali kamtsikana kosatha kusenza mtsuko. Anakulira mu utsi wa milamba ndi mphende, nakwatiwa ndi Ignasio, msodzi wamtali, wofatsa, amene ankaimba nyimbo za kutchalitchi akamapalasa bwato. Lero akazi ena akakumana naye pamjigo amayankha moni wake atayang'ana kumbali. Mlandu wake ndi umodzi: analira maliro a mwamuna wake mwiniwakeyo akupuma.

Nthenda inamugwira Ignasio pakhosi. Kuchipatala cha kuboma anati ndi khansa, ndipo yafika posachizika, koma ululu wokha angauziziritse. Anawapatsa botolo la mankhwala amadzi otchedwa mofini, ndipo namwino wina ankabwera panjinga yamoto kudzaonjezera likatha. Kenaka anthu akufuna kwabwino amene ankagulira njingayo petulo analeka. Njinga inaima, botolo linauma. Ukonde ndi bwato zinali zitagulitsidwa kale, kotero Luisa analibe poyambira ulendo wa kuboma.

Ignasio, munthu amene anakokapo mwana wa ng'ona mu ukonde osatulutsa liwu anayamba kuluma mphasa. Ankakanda khoma mpaka zikhadabo kung'ambika. Anansi ankamva, koma chimene anachita ndi kuletsa ana kusewera pafupi.

Asodzi a padoko la kwa Mbenje ali ndi thumba la maliro, ndipo chitini cha ndalamazo ankasunga a Tomasi, akulu ake a Ignasio. Luisa anakagwada pakhomo pawo katatu. Katatu konse anamuuza kuti lamulo linaikidwa ndi makolo: chitini chimatsegulidwa pokhapokha mfuu ya maliro yamveka. Ulendo wachitatu anaonjezera mawu omwe iwo ankati ndi otonthoza.

"Musade nkhawa, mlamu. Takambirana kale ndi mmisiri, matabwa a bokosi ndi a mlombwa. Mng'ono wanga sadzapita m'mphasa ngati mlendo."

Luisa atafika kunyumba anapeza Ignasio akumupempha kuti amugoneke m'bwato la aliyense n'kulikankhira kumene kumagona mvuu. M'mawa mwake, dzuwa litayamba kuwawa, mabwato akubwerera kudoko, Luisa anamanga nsalu m'chiuno, naima pabwalo, nabuma.

Ha, mmene anthu anathamangira! Amayi ndi nkhuni pamutu, ufa m'mabeseni, abambo atavula zipewa, a Tomasi patsogolo chitini chili kukhwapa. Miyendo yomwe kwa milungu itatu inkalephera kukhota n'kulowa pakhomopo inafika yonse Luisa asanapume kawiri. Atakhala pansi, amayi atayamba nyimbo, m'nyumba muja Ignasio anakuwa. Nyimbo inaduka.

Luisa sanagwade.

"Mwamva? Maliro ake ndi amenewo. Milungu itatu wakhala akukuitanani, inu n'kumadutsa ngati mukudutsa pachigayo. Ine ndalira kamodzi kokha, mwabwera ndi ufa. Alamu, mlombwa wanuwo udzamuziziritsa pati? Tsegulani chitinicho. Ngati simutsegula, lowani mukamuuze nokha kuti ayambe wafa."

Panabuka phokoso. Ena anati mkaziyo wachita malodza, ena anati ndi mfiti, akufulumizitsa mwamuna kumanda. A Tomasi anadzuka, nati chamanyazi chotere sichinaonekepo pamtundu wawo, ndipo anatembenuka kuti azipita. Pamenepo m'nyumba munamveka mawu osasa akuti, "Achimwene." A Tomasi analowa. Sanakhalitsemo. Atatuluka anakhala pakhonde, natsegula chitini osayang'ana munthu.

Tsiku lomwelo Luisa anakwera kabaza kupita kuboma, nabwerera ndi botolo lodzaza atalikulunga m'nsalu pachifuwa ngati khanda.

Ignasio anakhala masiku khumi ndi limodzi. Anagona tulo teniteni. Anameza timadzi ta phala, anaothera dzuwa la m'mawa pakhonde, anang'ung'udza nyimbo yake ya m'bwato. Tsiku lina anagwira dzanja la mkazi wake, lakuda ndi utsi lija, namwetulira.

"Ndinakumvanitu, amake Dorika. Mumalira bwino. Tsiku lenilenilo musadzavutikenso."

Sanavutikedi. Ignasio atatsikira kuli chete, akuluakulu a thumba anati chitini sichitsegulidwa kawiri pa munthu mmodzi. Amayi ambiri anakhala m'makwawo, amvekere tinalira kale. Anamuika atamukulunga m'mphasa ya bango, ndipo Luisa anayenda pambuyo pake maso ali gwa, wopanda msozi.

Kuyambira chaka chimenecho, Loweruka lililonse amayenda padoko ndi lichero, kupempha nsomba imodzi pabwato lililonse. Amaziwamba, n'kugulitsa, n'kukapereka ndalamazo kuchipatala kuti njinga ya namwino isaimenso, pakuti m'midzi imeneyi okuwa ndi ululu sanathe. A Tomasi amaponyamo yawo. Koma alipo amene amabisa nsomba pansi pa ukonde, n'kumati iwo amathandiza pamaliro. Oterowo Luisa amawaimirira pamaso, lichero lili m'manja, n'kuwafunsa ngati akufuna ayambiretu kuwalira pomwepo.