Aphungu Awiri M'nyumba Imodzi

Pakamwa pangapa pandipalamulira zambiri, koma chitedze chenicheni ndinachiputa pa mjigo wa kwathu ku Nazombe, chaka chimene mng'ono wanga anaima pa chisankho cha aphungu a ku Nyumba ya Malamulo.

Mng'ono wangayo ndi loya. Anaphunzira za malamulo ku Zomba n'kukayamba ntchito ku Blantyre, koma Loweruka ankatsika minibasi pa boma, n'kukwera kabaza mpaka kwathu kudzamva madandaulo a amayi amasiye olandidwa mbuzi ndi malata. Tsiku lina ndinamuperekeza kukhoti. Nditamuona atavala mkanjo wakuda ndi kawigi koyera ngati thonje, ndinaseka mpaka wapolisi ananditulutsa. Mlanduwo anawina, ndipo amasiye omwewo ndi amene anamuumiriza kuti aime.

Tsono pa mjigo paja, mayi wina wa mbali ya opikisana naye anati loya wathuyo ndi wonyada. Ine magazi anawira.

"Wonyada? Mwana uja ali ndi mutu! Pamene ife tinkavinidwa kutsimba, iye anali m'kalasi!"

Ogo! Ndinafuna kuwameza mawuwo, koma anali atatuluka kale. Pasanathe masiku atatu, nkhani inali ponseponse mpaka kunsi kwa Michesi: loya uja ndi wosavinidwa. Kwathu wosavinidwa ndi mwana, ngakhale atamera imvi. Komanso dzina loti phungu ife tinalidziwa kalekale Nyumba ya Malamulo tisanaimve: ndi mayi amene amasunga namwali kutsimba n'kumamulanga. Ndiye anthu ankafunsana kuti wosalangidwa angakhale bwanji phungu wa dera lonse.

Chowawa n'chakuti amayi athu anali phungu wodziwika. Ine anandivinitsa ndili wamng'ono, ndinasiyira sukulu Sitandade 2, posakhalitsa ndinali pabanja. Mng'ono wangayo anamukaniza kutsimba, ndipo chifukwa chake sanauzepo munthu.

"Achemwali, mwandigwetsa ndinu," anatero mng'ono wanga atabwera. Ankaseka, koma maso ake sankaseka. Ine manyazi anandigwira.

Msonkhano wake waukulu unachitikira pabwalo la sukulu. Anayamba bwino, za mlatho umene umakokoloka chaka ndi chaka, za mankhwala kuchipatala, za mitengo ya nandolo. Kenaka bambo wina anakuwa kumbuyo: "Tiuzeni kaye, mayi, munavinidwa?"

Bwalo lonse linafa ndi phwete. Munthu amene ankasowetsa chonena maloya anzake anatsitsa mayikolofoni n'kuyang'ana pansi. Ine ndinali nditavula kale silipasi kuti ndikamuonetse bambo uja, koma amayi anandikoka chitenje n'kundikhazika pansi. Anadzuka okha pamphasa, anamanga chitenje chawo bwinobwino, n'kupita kutsogolo. Mayikolofoni anaigwira ngati chinangwa chootcha. Anapereka moni m'Chilomwe, anthu n'kuyankha.

"Amayi nonse amene munadutsa m'manja mwanga kutsimba, imikani manja."

Manja anadzuka mbali zonse. Langanso ndinaimika.

"Amene munamaliza sukulu, manja akhalebe m'mwamba."

Anatsika limodzilimodzi mpaka onse. Kuseka kuja kunatha.

"Mwaona? Mwambo sindikuunyoza, wandidyetsa. Koma masiku amenewo mtsikana akatuluka kutsimba, amuna ankakhala atandanda kale pakhomo. Mkulu wakeyu ndinamupereka ndekha, ndipo mpaka lero zimandiwawa. Uyu ndinamubisa ndine. Ndamulanga ndekha, kumunda, kumtondo, kudambo, kuyambira akukwawa. Inu milungu iwiri, iye moyo wake wonse! Ngati ndi wosalangidwa, mlandu ndi wanga. Kandisumireni, loya ndili naye kale."

Mayo ine, nthungululu zake! Amasiye aja analumphira m'bwalo, fumbi koboo, ena n'kumuyalira zitenje mng'ono wanga. Bambo wofunsa uja sindinamuonenso. Ine ndinkalira ndi kuseka nthawi imodzi, chifukwa zaka zonsezo ndinkaganiza kuti amayi ankakonda mng'ono wanga kuposa ine. Sindinkadziwa kuti za ine zinkawawawa.

Chisankho mng'ono wanga anawina. Tinavina mpaka miyendo kutupa, kalongonda wa mumphika waukulu anatha psiti. M'mawa mwake anthu atayamba kubwera ndi "Olemekezeka, Olemekezeka," amayi anatuluka ndi ndowa.

"M'nyumba muno aphungu tilimo awiri, koma wamkulu ndine. Katunge madzi."

Olemekezeka anasenza ndowa, ine ndikuwatsatira pambuyo monyadira, mpaka pa mjigo womwe uja. Mayi wondiputa uja tinamupeza pomwepo, ndipo ndi amene anatipopera madzi. Ndinangomuthokoza, ngakhale lilime linkandiyabwa koopsa.

Titabwerako amayi anandiitanira kuseri kwa nkhokwe. Anamasula mfundo ya chitenje, n'kutulutsa pensulo yatsopano yosasongola.

"Iwe wapakamwa, Lolemba ukayambe sukulu ya kwacha. Mawu akowo uziwathira papepala, asatiphere anthu pa mjigo."

Ndinapita, ndili ndi zidzukulu ziwiri. Izi mukuwerengazi ndalemba ndekha, ndi dzanja lomwe lija ndinatsitsa pabwalo la sukulu.