Yunifolomu Yopanda Mpendero

Azakhali amasokera pakhonde la sitolo ya zitsulo, ndipo ana asukulu ambiri a mumsewu umenewo anavalapo yunifolomu yotuluka pa makina awo. Mlongo wawo atamwalira, anatenga mwana wake wamkazi, amene anabadwa ndi kachilombo ka HIV, n'kumulera ngati dzira. Ndowa ya madzi ankamulanda, kumsika osamutuma, mpira anamuletsa kuti angatope. Ana awo akamatsuka mbale kuseri kwa nyumba uku akuseka, iye ankakhala yekha m'chipinda. Asuweni akewo anamupatsa dzina loti Adona.

"Adona, tikubweretsereni madzi osamba m'manja?" ankamuseka motero, iye n'kungomwetulira.

Atafika ku sekondale, mnzake wapamtima anaona botolo la mankhwala m'chikwama chake. Kuyambira tsiku limenelo palibe amene ankakhala naye benchi limodzi. Azakhali atamva anangoti, "Asiye, pakamwa pa anthu sipatsekeka."

Tsiku lina masana anamuitanira kukhonde kuja kuti amuyeze yunifolomu yatsopano.

"Imirira bwino. Kutalika kumeneku ukufuna kugunda denga?"

Anamuyeza, n'kuwonjezera chikhatho chathunthu m'munsi, monga amachitira ndi mwana aliyense amene akukula.

"Musasiye mpendero, azakhali. Mungowononga nsalu."

"Nanga ukakula chaka cha mawa?"

"Yotsalayo mudzasokere wina."

Analankhula mofatsa, maso ali kumsewu. Azakhali anakumbukira kuti dzulo lake mtsikanayo anapatsa msuweni wake wamng'ono nsapato zake zatsopano, iwo n'kumuyamikira kuti ndi wopatsa. Anaika tepi yoyezera pansi. Pambali panali bambo wina amene ankadikira buluku lake.

"Bambo, mubwere mawa."

"Mawa? Paja munati lero, mayi."

"Ndati mawa."

Bamboyo anachoka akung'ung'udza. Azakhali anakhazika mtsikanayo pampando wa makasitomala, iwo n'kugwada patsogolo pake. Funso limene linali kukhosi ankaliopa, poganiza kuti kulitchula n'kuitana tsoka. Koma analifunsa.

"Mwanawe, undiyankhe zoona. Ukuganiza zodzipha?"

Mtsikanayo anapotokola ulusi pachala. Kenako anagwedeza mutu kuvomera.

"Mankhwala ndinasiya kalekale. Kusukulu ndine mlendo, kunyumba ndine mlendo. Ndatopa, azakhali."

Mawu okalipa anafika pamilomo, koma Azakhali anawameza. Anavundikira makina ndi nsalu, anapempha mwini sitolo kuti awayang'anire, n'kugwira mtsikanayo padzanja. Njira yonse ya kuchipatala sanamutaye, ngakhale podutsa pakati pa njinga ndi magalimoto.

Atafika pakhomo la mlangizi wa achinyamata, anaima.

"Ndilowe nawe, kapena ndikudikire panja?"

Mtsikanayo anayang'ana chitseko kwa nthawi yaitali, dzanja lake lili zii.

"Lowani," anatero. "Koma musandiyankhire."