Kathumba ka Pamfuti

Ku ofesi ya alonda a nyama zakutchire, aliyense ankawatchula kuti aGirizi, chifukwa manja awo sankayera ngakhale pa ukwati. Ntchito yawo inali kukonza mfuti, ndipo mtima wawo unali wapachala. Ukawabweretsera mfuti yadzimbiri, unkayamba wamva mbiri ya ulesi wako wonse asanaigwire n'komwe.

Koma mfuti ya mkamwini wawo, amene naye anali mlonda, inawazunguza mutu. Mfuti zimenezi ukawomba zimalavula zokha chigoba cha chipolopolo n'kulowetsa china. Ya mkamwiniyu ikafika kutchire chigoba chinkakakamira. AGirizi anaitsuka, anasintha kachitsulo konga chikhadabo kamene kamakoka chigobacho, anasintha sipuling'i. Akaiyesa kuseri kwa ofesi, inkalavula bwinobwino ngati mwana wokana mankhwala. Ikapita kutchire, yayambanso. Akamufunsa mkamwiniyo chimene amaichita, ankangoyang'ana pansi n'kunena kuti palibe, bambo.

Kenako linafika tsiku la njati. Chipolopolo choyamba cha mkamwiniyo chinangoipalula, chachiwiri sichinatuluke, ndipo njatiyo inamuthyola mwendo mnyamatayo anzake asanaigwetse. Anthu pakamwa! Eti nkhalamba ija maso atha, eti imangodziwa kukalipa. Chowawa kwambiri, mwana wawo weniweni, mkazi wa wovulalayo, anawapeza pakhonde la chipatala n'kuwadutsa ngati mtengo.

AGirizi anapsa mtima mpaka chakudya chinawakanika. Anatenga mfutiyo n'kuiyang'ana paliponse, ndipo pafupi ndi kabowo kotulukira zigoba anapeza ulusi. Atapisa m'thumba la yunifolomu yamagazi ya mkamwiniyo anatulutsa kathumba kansalu kokhala ndi zingwe zomangira.

Apa m'pamene anamvetsa. Paofesipo panali lamulo lakuti chigoba chilichonse chibwezedwe, ndipo wotaya ngakhale chimodzi ankaimitsidwa ntchito. Tangoganizani, munthu njati ikumuthamangitsa, azifufuza kachigoba mu udzu wofika m'khosi! Ndiye mkamwiniyo ankamanga kathumbako pakabowo kuti zigoba zizigweramo. Nsaluyo ikapindika, chigoba chinkabwerera m'kati n'kutseka njira.

Nsaluyo anaizindikira. Inali yotsala pa makatani a kunyumba kwa mwana wawo, ndipo kasokedwe kake kanali komwe kaja anamuphunzitsa malemu mayi ake. Mwanayo anasoka kathumbako pofuna kuteteza ntchito ya mwamuna wake. AGirizi akanaulula, mkamwini akanachotsedwa ntchito ali chigonere, ndipo mwana wawo akanadziwa kuti manja ake omwe ndiwo anapundula bambo wa ana ake.

Tsiku lomwelo anazungulira alonda onse, nawalanda timatumba tina tiwiri, n'kuwauza kuti akadzaonanso zimenezi adzawadyetsa nsaluyo. Kenako bwana anawaitana. AGirizi analowa atakonzeka kusenza mlandu wonse, kathumba kali m'thumba la ovolosi. Ankayembekeza kufunsidwa za mwendo wa mnyamatayo, kapena chimene chinavuta pamfuti.

Bwanayo sanadzutse n'komwe mutu.

"Chigoba chinakakamira chija chili kuti? Sichinabwezedwe."

AGirizi anachitulutsa n'kuchiika patebulo.

"Ndi ichi, bwana. Chili bwinobwino, sichinavulale."

Madzulo anapitanso kuchipatala atanyamula malalanje. Mwana wawo analandira malalanjewo osawayang'ana kumaso, ndipo aGirizi anakakhala pabenchi yapanja, kathumba kaja kadakali m'thumba.