Chithunzi cha amalume m'gulu la maliro

Ku koleji ndinapitako, ndipo ndinabwerako. Zapakatipo sitikamba. Ndinabwerako ndi chikwama, chifuwa, ndi nzeru imodzi yokha yothandiza: mafuta okazingira otha ntchito, ukawasefa, kuwatenthetsa, n'kuwasakaniza ndi soda ndi sipiriti wina wovuta kupeza, amagawikana pawiri. Zapansi ndi matope opangira sopo. Zapamwamba injini ya dizilo imamwa osafunsa.

Amalume ali ndi chigayo kwathu kuno, chakumtunda kwa Kaphuka. Nthawi imene dizilo anasowa, chigayo chinangoti zii, azimayi n'kumasenza chimanga kupita kutali. Ine ndinayamba kuzungulira ndi njinga kwa anyamata a ziwaya m'mbali mwa msewu waukulu, kutolera mafuta akuda amene ngakhale iwo ankachita nawo manyazi. Kuseri kwa chigayo ndinaimika migolo yanga. Injini inadzuka. Utsi wake unkanunkhira tchipisi, moti agalu a m'mudzi anasamukira kwathu.

Chimene sindinkadziwa n'chakuti boma likuti chiyani. Ndinkamva kuti anthu akugwidwa ndi zigubu, kuti mafuta a galimoto sagulitsidwa popanda chiphaso. Nanga wodzipangira yekha kuchokera ku zotsala za mbatata? Ndinafufuza pa foni mpaka maso kuwawa, osapeza pondiloleza, osapezanso pondiletsa. Mantha a mtundu umenewo ndi oipa, chifukwa sudziwa kuti uthawire mbali iti. Galimoto yoyera iliyonse ikatulukira pa phiri, ndinkati ndi ya boma, yabwera kudzanditenga. Ndinawauza amalume lamulo langa ndekha: timwetse injini yathu basi, tisagulitse ngakhale kabotolo, ndipo pakamwa titseke.

"Zamveka, a Pulofesa," anatero. Amanditchula choncho akafuna kundikumbutsa za koleji.

Tsono kwathu kuli gulu la pa foni la maliro. Muli aliyense wobadwira kuno, a ku Lilongwe, a ku Joni, onse. Woyang'anira gululo ndi mayi wina amene anapuma pa uphunzitsi, ndipo amaliyendetsa ngati kalasi. Za mpira amafufuta. Za ndale amafufuta. Ine anandichotsapo kamodzi chifukwa chofunsa ngati wina ali ndi pampu ya njinga. M'gulumo munazolowereka kuti wolengeza amayamba waponya chithunzi cha malemu, chabwino, ali mu jekete, mawu n'kutsatira pambuyo. Anthu sadikira mawuwo. Akaona nkhope amadziwa.

Loweruka lina m'mawa, chifunga chili thoo, ndinali kuseri ndikusefa. Foni inayamba kunjenjemera m'thumba osalekeza. Nditayang'ana ndinaona amalume, mu jekete lawo la ku tchalitchi, ataima pambali pa migolo yanga, atakweza botolo la mafuta ngati chikho cha mpira. Pansi pake mauthenga ankatsika ngati mvula. Pepani anamfedwa. Mzimu wawo uuse mumtendere. Tinali nawo dzulo lomweli.

Ndinathamangira kutsogolo. Malemu anali pa benchi akudya chimanga chootcha.

"Amalume, mwatani?"

"Ndalengeza. Gulu lija ndi limene muli anthu ambiri. Ndaikanso mawu, amva okha."

Ndinawalanda foni. Chithunzi chinali chitapita, koma uthenga wa mawu unali ukuzungulirabe, netiweki itathawa monga imachitira kuno. Ndinauika kukhutu. Amalume, ndi mawu a munthu wolemera, ankaitana eni mathirakitala ndi malole onse kuti abwere ndi zigubu, dizilo wa mphwawo akugulitsidwa motchipa. Anatchula ndi malo omwe.

Ndisanaufufute anandilanda. "Foni ndi yanga. Iwe ukafufute za ku koleji."

Ndinalemba m'gulumo kuti ali moyo, koma wanganso unangozungulira. Ndipo kunali kutachedwa kale. Anyamata anali ataika masamba pamsewu. Amayi a mphakati wathu ankatsika njira ya kudimba ndi nkhuni pamutu, nyimbo atayamba. Ataona amalume, wa kutsogolo anaponya nkhuni pansi n'kubwerera chafutambuyo. Ena anakhala pansi pomwepo. Panalibe woseka. Kuno munthu wolirilidwa ali moyo ndi malodza, ndipo amayi anga, mlongo wawo wa amalumewo, anafika akulira.

Pamenepo ndi pamene inatulukira galimoto yoyera.

Mwini wake ndinkamudziwa. Ndi mwana wa kuno, amagwira ntchito ku likulu, mu ofesi ina yoona za mafuta omwewa. Anali atabwera kudzaona makolo ake ku Bembeke, waona chithunzi, wanyamuka. Anatsika atavula chipewa, nkhope ya pamaliro ataikonza kale. Anayang'ana amalume nthawi yaitali. Kenako mphuno yake inatembenukira kuseri kwa chigayo, thupi n'kutsatira.

Ndinamutsatira ngati mbuzi yopita kokaphedwa. Anayang'ana migolo, nsalu zosefera, thumba la soda. Anaviika chala, kununkhiza.

"Achimwene, izi mwapanga ndinu?"

"Ndimangoyesera, bwana."

"Mumagulitsa?"

"Ayi, bwana. N'za injini yathu yokha."

Zinali zoona, koma zoona zake zinali ndi moyo waufupi. Ndikuyankha choncho, m'mbali mwa diso ndinkaona amalume akulowera ku chulu cha kuseri kwa khola, kumene mudzi wonse umakagwirira netiweki. Ankapita kukauza dziko kuti sanafe. Foni ili m'manja, uthenga uja uli m'kati, ukudikira kamphepo.

Ndinaganiza zothamanga kukawagwetsa. Koma munthu amene wangouka kumene sugwetsa pamaso pa anthu. Ndinaima. Ndinaona bwinobwino mmene zikhalire: migolo pa galimoto, chigayo chotsekedwa ndi loko wa boma, ine kumbuyo kwa galimotoyo, amayi akulira maliro enieni.

Amalume anafika pamwamba pa chulu, n'kukweza dzanja. Mafoni a anthu onse pabwalo analira pamodzi.

Bwana uja anapisa dzanja m'thumba la jekete. Anatulutsa magalasi, kuwapukuta, kuwavala. Anatulutsa foni. Ine ndinayamba pemphero la kulapa, koma ndinangokumbukira poyambira pokha.

Atatsegula, anakwinya nkhope, n'kundionetsa. Pamalo pa uthengawo panalembedwa kuti wafufutidwa ndi woyang'anira gulu.

Aphunzitsi aja anali ataima pa khomo la chigayo, chitenje cha maliro m'chiuno, foni pafupi ndi mphuno, chala chili chilili. Sanaumvere n'komwe. Anafufutanso chithunzi, n'kuchotsa amalume m'gulu, kenako anakweza mawu osayang'ana munthu.

"Gulu ili ndi la omwalira. Amoyo ali ndi kwawo kolankhulira."

"Ndiye ndikadzafa zenizeni mudzandibwezeramo?" anafunsa amalume ali pa chulu.

"Tidzaona khalidwe lanu."

Anthu anayamba kutola nkhuni zawo. Bwana uja anapempha kabotolo, ndinamuthirira mofulumira, theka n'kutayikira pa nsapato zake. Anakatseka bwino, kukakulunga mu pepala.

"Lero ndinabwerera maliro, za ntchito sindikamba," anatero. "Zazing'onozing'ono ngati izi ngakhale ife ku ofesi timakangana ngati n'zololedwa. Koma amalume anuwo sanavalire jekete injini. Musandipatse chifukwa chobwereranso."

Chipepeso chimene anabweretsa, shuga ndi buledi, anapatsa amayi anga, poti ndi amene anaoneka ofedwa kwenikweni.

Madzulo ake amalume anapita kwa abambo mfumu kukawazidwa madzi odalitsa. Ine ndinakhuthula migolo. Masiku ano muli madzi othirira kabichi. Dizilo akasowa, chigayo chimagona, amalume n'kumandiyang'ana ngati ndine ndinayambitsa kusowako. Sanagulitsepo dontho, ndipo amati ndinawaphera bizinesi isanabadwe.

Za kabotolo kaja sindinamvepo kanthu. Mwina kali pa shelefu, mwina kanatayidwa, mwina kakuyenda pang'onopang'ono kuchoka tebulo lina kupita lina ndi nkhope yanga pambali. Bwanayo akadali m'gulu la maliro. Salemba kalikonse, koma uthenga uliwonse amawerenga, foni imaonetsa. Ndikalemba pepani kwa anamfedwa, ndimaona kuti waona, ndipo ndimayang'ana ku phiri.