Kanyama ka m'thumba la jekete

Dzulo mwana wanga anandionetsa gemu yake yogwira tizilombo. Masiku ano tizilomboto tili ndi ubweya, timaphethira, ndipo tachuluka moti iye mwini satidziwa tonse. Ine ndinazindikirapo kamodzi kokha, ka makutu ogwa.

Ndili mwana, amayi anagula jekete la kaunjika pa Chimbiya, ndipo m'thumba mwake tinapezamo kachipangizo kotuwa ka gemu yomweyi. Fungo la kaunjika silinachokemo mpaka kale. Galasi lake linalibe kuwala, ndiye ine ndi mng'ono wanga tinkasewera padzuwa, uku tikulondera nyemba zoyanika kuti mbuzi zisadye. Mabatire akafooka tinkawayanika pamwala pambali pa nyembazo.

Mng'ono wangayo anasankha ka makutu ogwa kaja. Kanali timadontho takuda basi, koma ankakalera ngati mwanapiye. Kakangovulala pa ndewu, ankathamangira nako kuchipatala cha m'gemumo, ine ndikudikira kuti nanenso ndigwireko.

Tsiku lina m'mawa, chifunga chitangochoka, kanyamako kanapambana ndewu kenaka kanayamba kuthwanima. Tinkayesa mabatire atha. Kuthwanimako kutasiya, pamalo pake panaima chinyama cha nyanga, mano ali pamtunda.

"Achemwali, kanga kaja kapita kuti?" anandifunsa.

"Ndi komweko. Kangokula."

"Ayi, si kameneka."

Anatembenuza kachipangizoko, n'kutsegula kachitseko ka mabatire ndi chikhadabo. Anawachotsa onse n'kusuzumira mkatimo, akuitana chapansipansi ngati mmene ankaitanira anapiye. Kumbuyo kwathu mbuzi zinali zitalowa kale m'nyemba.