Chaka Chimene Ndinayambitsa Nyimbo

Kanali kabango kakang'ono, kotalika ngati chala, ndipo amayi ankakasunga m'kapu yachitsulo. Anakadula kudambo chaka chimene dzina lawo silinatuluke pa makuponi a feteleza. Chimanga chathu chinangofiira m'munda, ndiye itakwana nyengo yosankha fodya, awirife tinakalowa ganyu m'chigafa cha amalume cha ku Wimbe. Ndinali mtsikana wa zaka khumi ndi chimodzi.

Amayi ndiwo ankayambitsa nyimbo m'kwaya ya azimayi kumpingo kwathu. Mawu awo anali owala, moti ochedwa kutchalitchi ankawazindikira ali kumsewu. Anga ankatsakamira kukhosi. Aphunzitsi a kwaya ya ana ananena pagulu kuti ndimaimba ngati ndili mumtsuko, n'kundiimika kumbuyo. Sananame, koma kuseka kwawo kuja mpaka lero kumandiwawabe.

Masana tikapuma, manja ali bii ndi fodya, amayi ankathira madzi m'kapu muja n'kundipatsa kabango. Mbali imodzi pamilomo, ina m'madzi, ine n'kumang'ung'udza nyimbo mpaka madzi achite thovu. "Usakankhe ndi khosi," ankatero. "Mpweya uchokere m'mimba." Kenako ankandilanda kabangoko n'kundigwira pamphuno. "Mawu azikhala apa, ndi kuseri kwa mano akutsogolo. Milomo ikayamba kuyabwa, ndiye kuti wapeza njira." Kamwa ndinkayenera kutsegula ngati ndikuluma gwafa, lilime litagona pansi, nkhope ngati ndaona mlendo amene ndinamusowa.

Ndinkadana nazo kwambiri. Azimayi ena m'chigafamo ankandiseka kuti mwana wamkulu chonchi akuseweretsa madzi. Fumbi la fodya linkayandama m'kuwala kolowera paudzu, likuyabwa m'maso, malovu n'kumawawa. Amayi ankatsokomolera m'chitenje n'kupitiriza kumanga timitolo. Nyengo yonseyo sanandiimbireko mzere ngakhale umodzi kuti ndimvere. Ankangofotokoza ndi mawu osasa, ine n'kumati ndi chimfine cha mwezi wozizira. Lero ndimadzifunsa kuti makutu anga anali kuti.

Amalume ndiwo anaona. "Achemwali, khosi limenelo likaonedwe kuchipatala," ankatero. Amayi yankho lawo linali limodzi: "Fodya athe kaye." Fodya atatha anapitadi kuchipatala cha ku Kasungu, ndipo atangobwerako madzulo anandiitanira kapu ija ndisanadye.

Patapita masiku, ndikuimba kuseri kwa nyumba, mawu anangotuluka okha, oyera, opanda kulimbana nawo. Ndinamva mphuno ikunjenjemera. Amayi anasiya kupeta. "Ndi amenewo," ananong'ona. "Usawataye."

Linafika Lamulungu la masika. Kutsogolo kwa tchalitchi kunali timatumba ta chimanga, maungu ndi nkhuku zomanga miyendo. Kwaya ya azimayi itaimirira, onse m'mabulauzi oyera, amayi anabwera kubenchi ya ana, kundigwira dzanja n'kundiimika pamalo pawo. Anthu ananong'onezana, poti mwana sayambitsira akuluakulu nyimbo. Amayi anandifinya paphewa. Ndinapuma m'mimba monga anandiphunzitsira, n'kuyambitsa. Mawu anakafika kukhomo, azimayi anavomera, ndipo aphunzitsi aja anatembenuka kukamwa kuli yasa. Nditacheuka ndinaona milomo ya amayi ikuyenda bwinobwino, koma panalibe chimene chinkamveka.

Mvula yoyamba isanagwe, azimayi omwewo anadzasonkhana pakhomo pathu pamaliro a amayi, atakhala pamphasa, maso ali ofiira, onse akuyang'ana ine kuti ndiyambitse. Ndinayambitsa, ndipo mawu sanandikane.

Koma tsiku la masika lija zimenezo ndinali ndisanazidziwe. Pobwerera kunyumba ndinkadumphadumpha m'njira yodutsa m'minda ya mapesi a fodya. "Amayi, lero ndakuposani!" ndinakuwa. Anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kupukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. "Eya, mwanawe," anatero chapansipansi. Ine ndinkati achita kansanje, ndipo ndinakondwa nazo.