Mapira a m'phiri la Bangwe

Chaka chimene amuna anga anapita ku Joni, ndinayamba kulima kamunda m'phiri la Bangwe, kumtunda kwa nyumba zomalizira. Anali malo amiyala opanda mwini. Mwana wanga mmodzi yekhayo anali kusekondale yogonera komweko, ndiye m'nyumba ndinkangotsala ndi wailesi.

Pawailesipo ankakangana tsiku ndi tsiku za makuponi a fetereza. Ena ankati apulumutsa dziko ku njala, ena ankati angotizoloweza chimanga chokhachokha pamene mvula inasintha kale. Ndinkamvetsera ndikusadzula masamba, nthawi zina n'kumawayankha mokweza ngati akundimva.

Nditakafunsa kwa bambo wina wolemba mayina m'dera lathu, anandiyankha mwachidule.

"Mayi, makuponi ndi a alimi akumudzi. Inu ndinu a m'tauni."

Ndinakwera minibasi kutsikira kwathu ku Chikwawa. Kumeneko wolemba mayina anali mwana wa azakhali anga, yemwe ndinkamubereka ali khanda. Anatembenuza mapepala osandiyang'ana kumaso.

"Achemwali, dzina lanu linachotsedwa kalekale. Si paja ndinu a ku Blantyre?"

Sindinalimbane naye. Pobwerera azakhali anandimangira mapira m'kachitenje. "Awa safuna fetereza," anatero, "ndipo dzuwa saliopa."

Mvula itagwa mu Novembala ndinabzala chimanga mbali ina, mapira mbali ina. Kenako inadula milungu itatu. Munda woyandikana nawo unali wa mayi wina wachiyao, wogulitsa mandasi, yemwe tinkacheza naye pamalire tikamapumula. Ankaloza zitsa zimene zinatizungulira.

"Anzanga, mitengo tadula tokha, lero tikuyang'ana kumwamba?"

Ndinkaseka, chifukwa zitsa ziwiri zinali za nkhwangwa yanga. Mu Januwale amuna awo anamwalira, iwo n'kubwerera kwawo ku Mangochi. Munda wawo unamera chisoso.

Chimanga changa chinafota chisanamasule. Mapira okha anakula n'kubereka, koma phiri lonselo amene anabzala mapira ndinali ine ndekha, ndiye mpheta zonse za m'Bangwe zinadziwa njira ya kumunda kwanga. Kwathu tinkaingitsa mbalame tili gulu, uyu akakuwa uko wina n'kuyankha kuno. Pano ndinkakhala pamwala kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, ndikumenya chitini, mawu mpaka kusasa. Odutsa ndi nkhuni ankangondiyang'ana. Mtsikana wina ndinamumva akufunsa mnzake ngati mutu wanga ukuyenda bwino.

Ndinakolola ndowa imodzi ndi theka. Kuchigayo anayamba akana kaye, akuti ufa wofiira uwadetsera wa anthu ena, ndiye ndinadikira mpaka onse atagayitsa.

Amuna anga ataimba foni Lamlungu lotsatira, ndinawauza zonsezi. Anaseka.

"Mapira m'tauni? Iwe, ndidzakutumizira mpunga."

Mayunitsi anawathera ndisanayankhe. Mpungawo sunabwere, ndipo pofika chaka chinacho nambala yawo inali itasiya kugwira. Phirilo ndinalilimabe zaka zina zinayi, mpaka munthu wina anabwera ndi njerwa n'kumangapo nyumba.